Mafayilo akasiya kuoneka mu File Explorer: mmene mungapezere pamene pavuta

Munthu amene amagwira mafayilo tsiku lonse, kaya ndi mlembi wa pasukulu, wojambula zithunzi za maukwati, kapena amene amasindikizira anthu makalata pa siteshonale, amadalira kwambiri kuona fayilo asanaitsegule. Mu foda muli ma PDF 200, mayina ake ndi scan001, scan002 mpaka mmunsi, ndipo kasitomala waima pakauntala akufuna satifiketi yake. Windows ikamagwira bwino mumangoyendetsa kabatani ka muvi n'kumaona tsamba lililonse kumbali. Tsiku limene zimenezi zaleka, ntchito ya mphindi imodzi imasanduka ya theka la ola, ndipo ambiri amathamangira kwa wokonza makompyuta kuti achotse Windows yonse n'kuikamo ina. Chonde musafulumire choncho. Vutoli kawirikawiri limakhala laling'ono, ndipo limadziulula lokha mukalifunsa funso loyenera.

Mu File Explorer, pulogalamu ya Windows yoonera mafoda ndi mafayilo, muli zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. China ndi tizithunzi timene timaoneka pa fayilo penipeni m'malo mwa chizindikiro cha pulogalamu. China ndi Preview pane, dera la kudzanja lamanja limene limaonetsa zamkati mwa fayilo imene mwaidina kamodzi. Ziwirizi zimayendetsedwa ndi timapulogalamu tosiyana, ndiye chimodzi chikhoza kufa china chili bwinobwino. Komanso Windows payokha sidziwa kuwerenga mtundu uliwonse wa fayilo. Ikafuna kuonetsa kalata ya Word imapempha Office, ikafuna kuonetsa PDF imapempha pulogalamu ya PDF imene inalembetsa kuti ndiyo izigwira ntchitoyo. Wopemphedwayo akasowa, pazenera pamangobwera mawu akuti "No preview available".

Choncho musanakhudze chilichonse, tsegulani mafoda awiri kapena atatu muone. Kodi akukana ndi mafayilo onse? Kapena ndi mtundu umodzi wokha, monga ma PDF okha, pamene zithunzi zikuoneka? Kapena ndi mafayilo ena mwa apo ndi apo, a mtundu womwewo, ena akuoneka ena ayi? Yankho la funso limeneli ndi limene likuuzeni kumene mulowere, ndipo likupulumutsani ku ntchito yambiri yosathandiza.

Akakana onse

Yambani ndi zooneka ngati zachibwana, chifukwa ndi zimene zimagwira anthu ambiri. Tizithunzi sitioneka foda ikakhala pa List kapena Details. Dinani Ctrl, Shift ndi 2 pamodzi kuti ipite pa Large icons. Preview pane nayo imatsegulidwa ndi kutsekedwa ndi Alt ndi P, ndipo n'zosavuta kuidina mwangozi pofuna kusindikiza ndi Ctrl ndi P.

Zikakhala kuti si zimenezo, lowani mu Folder Options. Pa Windows 11 dinani timadontho titatu pamwamba pa File Explorer n'kusankha Options, pa Windows 10 pitani pa View kenako Options. Pa tsamba la View pali timabokosi tiwiri tofunika. Koyamba ndi "Always show icons, never thumbnails": kameneka kasakhale kochonga. Kachiwiri kali mmunsi ndithu, "Show preview handlers in preview pane": kameneka kakhale kochonga. Dinani Apply.

Pali malo achitatu amene ambiri sawadziwa, ndipo pa makompyuta ogulidwa kwa wina kapena amene anapitako kokakonzedwa ndi pamene vuto limabisala. Okonza ambiri akafuna kuti kompyuta yakale ithamangeko amasankha "Adjust for best performance", ndipo zimenezo zimazimitsa tizithunzi tonse nthawi imodzi. Dinani kabatani ka Windows ndi R, lembani sysdm.cpl, pitani pa Advanced, pansi pa Performance dinani Settings. Pa mndandanda umene ubwerewo chongani "Show thumbnails instead of icons". Zina zonsezo mukhoza kuzisiya zozimitsa ngati kompyuta ndi yofooka. Kabokosi kamodzi kameneka sikaichedwetsa kwenikweni.

Ngati ndi kompyuta ya ku ofesi ndipo timabokosi timeneti sitikulola kusintha, kapena tikubwerera mwakale mukangoyatsanso, ndiye kuti a IT anatseka dala. Kambiranani nawo, musalimbane nayo.

Tizithunzi tosokonekera, takuda, kapena tosonyeza fayilo ina

Ili ndi vuto limene limabwerabwera. Kuyambira pa Windows Vista, Windows imasunga tizithunzi tonse malo amodzi kuti isamatipange mobwereza nthawi iliyonse mukatsegula foda. Timakhala m'mafayilo a mayina oyamba ndi thumbcache, mu foda ya AppData\Local\Microsoft\Windows\Explorer ya munthu aliyense wogwiritsa ntchito kompyutayo. Mafayilo amenewa amalembedwa pafupipafupi, ndiye magetsi akathima mwadzidzidzi pa kompyuta ya patebulo yopanda UPS (batire losunga magetsi), kapena disiki ikadzaza kwambiri, amatha kuonongeka. Zizindikiro zake zimadziwika: chithunzi cha mwana chaoneka pa fayilo ya risiti, tizithunzi tina tada bii, tina tangokhala toyera, chikhalirecho mafayilowo mukawatsegula ali bwinobwino.

Mankhwala ake ndi kufufuta nkhokwe imeneyo kuti Windows iyambe kumanga yatsopano. Musaope, zithunzi zanu zenizeni sizikhudzidwa. Njira yofatsa ndi Disk Cleanup: dinani Windows ndi R, lembani cleanmgr, sankhani disiki C, chongani Thumbnails yokha, ndipo musanadine OK yang'anitsitsani kuti Recycle Bin kapena Downloads, ngati zilipo pa mndandandawo, sizinachongedwe. Mukamaliza dinani Ctrl, Shift ndi Esc, pezani Windows Explorer mu Task Manager, dinani kumanja n'kusankha Restart. Sikirini iphethira pang'ono n'kubwerera.

Nthawi zina Disk Cleanup imalephera chifukwa Explorer yagwirabe mafayilowo. Pamenepo tsegulani Command Prompt, zenera lakuda lolembamo malamulo, n'kulemba mizere itatu iyi, umodziumodzi, mukudina Enter pakutha pa uliwonse:

taskkill /f /im explorer.exe

del /f /s /q /a %LocalAppData%\Microsoft\Windows\Explorer\thumbcache_*.db

start explorer.exe

Mzere woyamba ukangopita, taskbar ndi zonse za pa desikitopu zizimiririka n'kutsala zenera lakuda lokhalo. Ndi mmene ziyenera kukhalira. Musalitseke zeneralo musanalembe mzere wachitatu. Mzere wachiwiri ukopereni ndendende, chifukwa del safunsa kawiri ndipo zimene wafufuta sizipita mu Recycle Bin.

Kenako mafoda akuluakulu azichedwa kutseguka ulendo woyamba, chifukwa tizithunzi tikupangidwa mwatsopano. Asiyeni amalize. Koma mukaona kuti sabata iliyonse kompyuta ikuyambiranso kupanga tizithunzi ta mafoda omwe aja, onani malo otsala pa disiki C. Disiki ikatsala pang'ono kudzaza, Windows imayamba kudzisesa yokha ndipo tizithunzi ndi tina mwa zinthu zimene imataya. Samutsani mavidiyo akuluakulu kupita ku disiki ina, vutolo lichepa lokha.

Uthenga wonena kuti fayilo ikhoza kuononga kompyuta

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri akusokonezeka masiku ano ndipo ndi pamene malangizo olakwika achuluka. Mwadina PDF imene mnzanu wakutumizirani pa imelo, ndipo kumbali kwabwera mawu oyamba ndi "The file you are attempting to preview could harm your computer". Fayilo ina ya PDF mu foda yomweyo ikuoneka bwinobwino. Ambiri akaona izi amaganiza kuti alowetsa vairasi, ena amaganiza kuti apudeti yaononga Windows.

Si vairasi, ndipo palibe chimene chaonongeka. Microsoft inachita dala. Kuyambira pa maapudeti achitetezo a pa 14 Okutobala 2025, File Explorer inaleka kuonetsa mu Preview pane mafayilo ochokera pa intaneti. Chifukwa chake n'chomveka. Akuba anapeza njira yoika m'fayilo kamzere kolozera ku kompyuta yawo, moti Windows ikangoyesa kuonetsa fayiloyo kumbali, inkatha kutumiza kwa akubawo chidindo cha pasiwedi yanu chimene akatswiri amachitcha NTLM hash. Simunkafunika kuitsegula fayiloyo. Kungoidina kamodzi kunali kokwanira. Pa kompyuta ya ku ofesi imene ili pa netiweki ya kampani, chidindo chimenecho chikhoza kumufikitsa wakuba patali ndithu.

Nanga Windows imadziwa bwanji kuti fayilo yachokera pa intaneti? Chrome, Edge, Firefox ndi Outlook zikamasunga fayilo zimaiphatikiza kachizindikiro kobisika kotchedwa Mark of the Web. Kachizindikiroka sikali m'kati mwa kalatayo, kamakhala pambali pake, ndipo kamasungika pa disiki za mtundu wa NTFS, osati pa za FAT32 kapena exFAT. Mafulashi ambiri ndi a FAT32 kapena exFAT, ndiye fayilo ikadutsa pa fulashi kachizindikiro kamagwera panjira. N'chifukwa chake kalata yomweyomweyo imaoneka mukaitenga pa fulashi ya mnzanu, koma imakana mukaitsitsa nokha pa imelo. Izi zikutanthauzanso kuti fayilo yochokera pa fulashi kuoneka bwino kumbali si umboni woti ndi yabwino. Windows yangosowa podziwira kumene yachokera.

Kuti fayilo imene mukuikhulupirira ionekenso, idineni kumanja, sankhani Properties, ndipo pa tsamba la General pansi penipeni muona mawu onena kuti fayiloyi inachokera ku kompyuta ina, pambali pake pali kabokosi ka Unblock. Chongani, dinani OK. Nthawi zina sizisintha pompopompo. Tsekani File Explorer n'kutsegulanso, zikakanikabe tulukani mu akaunti yanu ya Windows n'kulowanso.

Mukalandira zip, ichiteni Unblock zipiyo musanaimasule. Mukaimasula kaye ndi File Explorer, kachizindikiro kaja kamafalikira ku fayilo iliyonse yotulukamo, ndipo mudzakhala mukuchonga imodziimodzi mpaka madzulo.

Kwa amene ali ndi mafayilo ambirimbiri pali lamulo la mu PowerShell, pulogalamu ina ya Windows yolembamo malamulo, limene limamasula foda yonse nthawi imodzi:

Get-ChildItem "C:\Users\dzina\Documents\Malipoti" -Recurse | Unblock-File

M'malo mwa njira imene ili pakati pa zizindikiro za " " mu lamuloli muikemo ya foda yanu. Koma pano ndikupempheni ndi mtima wonse: musalilozetse lamuloli ku foda yonse ya Downloads. Mu Downloads mumagwera chilichonse, za ku banki, za m'magulu a WhatsApp, zomwe munadina mwangozi chaka chatha n'kuiwala. Kachizindikiro komweko ndi kamene kamachititsa Word ndi Excel kutsegula fayilo mu Protected View, mongowerenga chabe, ndi kutsekereza ma macro (timalamulo timene timatha kuyenda m'kati mwa fayilo), ndiye mukakachotsa paliponse mwagwetsa mpanda wonse pofuna kudutsa pakhomo limodzi. Chitani chonchi: pangani foda ya mafayilo amene mukudziwa mwini wake ndipo mumawayembekezera, asamutsireni mmenemo, mumasule foda imeneyo yokha. Kalata yoti "invoice" yochokera kwa munthu amene simunagulepo naye kanthu isiyeni mmene ilili.

Malangizo ena amati muchotse apudetiyo, ena amati musinthe registry, nkhokwe ya makonzedwe a Windows, kuti Windows ileke kuika kachizindikiroka pa chilichonse. Zonse ziwiri zimagwiradi ntchito, ndipo zonse ziwiri sindingazilimbikitse. Apudeti ya mwezi umenewo inatseka mabowo ena ambiri kupatula limeneli. Kwa amene ali pa Windows 10 nkhaniyi ndi yolemera kwambiri, chifukwa tsiku lomwelo la 14 Okutobala 2025 ndi limene Microsoft inasiya kupereka maapudeti wamba a Windows 10; amene sanalembetse pulogalamu yowonjezera nthawi ya chitetezo sakulandiranso zigamba.

Ku maofesi kumene mafayilo amakhala pa seva, uthenga womwewu umatha kubwera pa mafayilo onse a pa foda ya pa netiweki ngati Windows ikuiona sevayo ngati ya kunja, makamaka mukamailowa ndi nambala ya IP m'malo mwa dzina. Kokonzera ndi ku Internet Options, tsamba la Security, kuika adiresi ya sevayo pa Local intranet kapena Trusted sites. Imeneyi ndi ntchito ya a IT, ndipo aziikapo seva ya kampani yokha.

Ukakana mtundu umodzi wokha

Ma PDF ndiwo amatsogola. Nthawi zambiri nkhani yake imayenda chonchi: pa kompyuta panali pulogalamu ina ya PDF, munthu anaichotsa n'kuika ina, koma Windows ikulozabe kwa yochotsedwayo. Kusintha pulogalamu yotsegulira ma PDF mu Default apps sikusintha nthawi zonse amene amaonetsa kumbali. Ngati muli ndi Adobe Acrobat Reader, lowani mu Preferences, pa General, chongani "Enable PDF thumbnail previews in Windows Explorer". Zikakanika, pa Help pali Repair Installation imene imalembetsanso zonse. Ndipo pa kompyuta imodzi musaunjikepo mapulogalamu atatu a PDF, chifukwa iliyonse ikamadzipanga apudeti imalanda ntchitoyo kwa inzake, ndipo vuto limene munakonza mwezi watha limabweranso.

Njira ina yabwino ndi PowerToys, pulogalamu yaulere ya Microsoft yomwe. M'gawo lake la File Explorer add-ons mumayatsa kuonetsa PDF, SVG, Markdown ndi mitundu ina imene Windows payokha siionetsa. Mulinso Peek, imene imatukula fayilo pazenera lalikulu, mofanana ndi Quick Look ya pa Mac imene anthu amaitsegula ndi kabatani ka space kuyambira 2007.

Makalata a Word, Excel ndi PowerPoint amafuna kuti Office ikhalepo pa kompyutayo. Ngati ilipo koma sakuoneka, pitani ku Settings, Apps, pezani Office kapena Microsoft 365, sankhani Modify kenako Quick Repair. Imeneyi sidya bandulo. Online Repair imatsitsanso Office yonse, ndiye muisungire tsiku limene muli pa Wi-Fi. Kalata yotsekedwa ndi pasiwedi siioneka kumbali, ndipo pamenepo palibe chokonza.

Zithunzi za pa iPhone nazo zimavutitsa ambiri. Kuyambira pa iOS 11 mu 2017, iPhone imasunga zithunzi mu mtundu wa HEIC, ndipo kompyuta imene ilibe zowerengera mtunduwu imangoonetsa chizindikiro chopanda chithunzi. Mu Microsoft Store muli HEIF Image Extensions yaulere, koma zithunzi za HEIC zimafunanso HEVC Video Extensions, imene pa makompyuta ena imabwera kale ndipo pa ena ndi yogula. Ngati foniyo ndi yanu, n'kosavuta kudula vutoli kumene likuchokera: pa Settings, Camera, Formats, sankhani Most Compatible, ndipo zithunzi zatsopano zizikhala JPEG. Mafoni ena a Android nawo ali ndi posankhira HEIF m'makonzedwe a kamera.

Mukalumikiza foni ndi chingwe n'kumayang'ana zithunzi zili m'foni momwemo, tizithunzi timabwera mwaulesi kapena osabwera n'komwe. Koperani zithunzizo pa kompyuta kaye, muzisankhira kumeneko.

Fayilo imodzi ikagwetsa foda yonse

Pali foda ina imene mukangoitsegula, kamzere ka pamwamba kamayamba kukwawa osafika, File Explorer imauma, mwinanso n'kubwera uthenga wonena za COM Surrogate. COM Surrogate si vairasi. Ndi kapulogalamu ka Windows, dllhost.exe, kamene kamapatsidwa ntchito yopanga tizithunzi kuti zikavuta kagwe kokha, Explorer ipulumuke. Kakamagwa pa foda imodzi yokha, mu fodamo muli fayilo yoonongeka, ndipo kawirikawiri imakhala vidiyo imene inaduka pokopera kapena potsitsa.

Ikani fodayo pa Details ndi Ctrl, Shift ndi 6, tsekani Preview pane, ndipo muone kuti yayamba kupuma. Sanjani mafayilo potengera kukula. Funani a 0 KB, otha ndi crdownload kapena part, ndi vidiyo imene kukula kwake sikukugwirizana ndi zinzake. Ngati simukuipeza ndi maso, samutsani theka la mafayilo kupita ku foda yatsopano n'kuona theka limene likuumabe, kenako ligaweninso pakati. Ngakhale mafayilo atakhala 500, maulendo 9 akukwanirani kuti mutsale ndi yolakwayo. Zikakhala kuti mafoda onse a mavidiyo akuchita chimodzimodzi, ganizirani codec pack (mulu wa timapulogalamu towerengera mavidiyo) imene inaikidwa posachedwa, ndipo yambani mwaichotsa.

Vuto lina lapafupi ndi limeneli ndi la fayilo yokana kufufutidwa, kusinthidwa dzina kapena kusamutsidwa, Windows n'kumanena kuti ndi yotsegula pamene inu simunaitsegule. Yaigwira ndi Preview pane, kudzera mu kapulogalamu kotchedwa prevhost.exe, kamene mu Task Manager kamaoneka ngati Preview Handler Surrogate Host. Dinani Alt ndi P kuti Preview pane itsekeke, yesaninso. Ikakanabe, kathetseni kapulogalamuko mu Task Manager. Kadzayambanso kokha pakafunika. Fulashi imene ikukana Eject nayo nthawi zambiri imamasuka chonchi, ndiye yesani zimenezi musanaizule mokakamiza.

Amene amagwiritsa ntchito OneDrive ayang'ane kachizindikiro ka pambali pa fayilo. Kamtambo kakutanthauza kuti fayiloyo ili pa intaneti, pa kompyuta pali dzina lokha, ndiye Preview pane ilibe choti iwerenge. Idineni kumanja n'kusankha "Always keep on this device", koma muzichita izi pa mafoda amene mumawagwiritsa ntchito okha, chifukwa kutsitsako kumadya bandulo ndi malo a pa disiki.

Zonsezi zikalephera

Pangani akaunti yatsopano ya Windows pa kompyuta yomweyo, lowanimo, tsegulani foda ya zithunzi. Tizithunzi tikaoneka kumeneko, ndiye kuti Windows ili bwino ndipo chasokonekera ndi makonzedwe a akaunti yakale. Mukhoza kusamutsira mafayilo anu ku yatsopanoyo popanda kuchotsa pulogalamu iliyonse. Zikakana kumenekonso, tsegulani Command Prompt ndi "Run as administrator", lembani sfc /scannow, muisiye ifike pa 100. Ikanena kuti yapeza zoonongeka koma yalephera kukonza, lembani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth muli pa intaneti, ikamaliza mubwerezenso sfc /scannow n'kuyatsanso kompyuta.

Ndipo mukaona kuti mafayilo oonongeka akuchuluka m'mafoda osiyanasiyana, lero chithunzi ichi chaoneka theka, mawa vidiyo iyo yakana, nkhani yachoka pa tizithunzi yafika pa disiki yeniyeniyo. Siyani kukonza kulikonse, koperani mafayilo ofunika kupita ku disiki ina tsiku lomwelo, kenako muipititse disikiyo kokayezedwa.